Magemu Owomberana Amene Amafa Ali Akhanda: Kodi Khamu Limaweruza Molungama?

Magemu owomberana a pa intaneti ndi masewera a pa kompyuta, pa foni kapena pa makina monga PlayStation ndi Xbox, momwe anthu okhala kutali ndi kutali amakumana m'bwalo limodzi lojambulidwa, aliyense ndi mfuti yake ya m'gemumo, n'kumalimbana payekhapayekha kapena m'magulu. Ochepa mwa magemuwa amabweretsa ndalama zankhaninkhani chaka ndi chaka. Ambiri mwa atsopano safika patali. Amatulutsidwa ndi chimkokomo, amasowa osewera, ndipo pakapita miyezi, mwina masabata okha, eni ake amazimitsa makina n'kuwachotsa pamsika. Akadaulo a zamalonda ali ndi mayankho awo pa nkhaniyi, koma pansi pa mayankhowo pagona funso lakale kuposa kompyuta, limene zipembedzo ndi anthu oganiza mozama akhala akulimbana nalo: kodi chinthu chikagwa, ndiye kuti chinali choipa? Nanga chikapambana, ndiye kuti chinayenera kupambana?

Amene anagwa

Nkhani yotchuka kwambiri ndi ya Concord. Kampani ya Sony inatulutsa gemuyi pa 23 Ogasiti 2024, pa PlayStation 5 ndi pa kompyuta, pa mtengo wa madola 40. Inapangidwa ndi Firewalk Studios ya ku Bellevue, m'chigawo cha Washington ku America, imene Sony inali itagula mu 2023. Magulu awiri a anthu 5 ankalimbana, aliyense atasankha msilikali mmodzi mwa 16, amene anali ndi zida ndi maluso osiyanasiyana. Pa Steam, msika waukulu wa magemu a pa kompyuta, anthu osewera pa nthawi imodzi sanapitirire 697. Pa 6 Seputembala, patangotha masabata awiri, Sony inazimitsa gemuyo n'kubweza ndalama kwa onse amene anagula, ndipo mu Okutobala inatseka Firewalk yeniyeniyo.

Concord siinali yokha. Battleborn ya Gearbox inatuluka mu Meyi 2016, masabata atatu Overwatch isanatuluke, ndipo inamira mu mthunzi wa mnzakeyo mpaka inatsekedwa mu 2021. LawBreakers ya Cliff Bleszinski, munthu amene anatchuka ndi Unreal Tournament ndi Gears of War, inatuluka mu Ogasiti 2017 n'kuzimitsidwa mu Seputembala 2018. Amazon, ndi chuma chake chonse, inatulutsa Crucible mu Meyi 2020 n'kuisiya chaka chomwecho. Ubisoft inalephera kawiri: Hyper Scape inakhala kuyambira 2020 mpaka 2022, ndipo XDefiant, imene inayamba bwino mu Meyi 2024, inalengezedwa mu Disembala kuti itsekedwa, n'kuzimitsidwa mu Juni 2025. Sega inathetsa Hyenas mu 2023 isanafike n'komwe pamsika. Awa sanali makampani osauka kapena amisiri osadziwa ntchito. Ambiri mwa magemuwa ankayenda bwinobwino.

Chimene wogula amagula

Buku losawerengedwa limakhalabe buku. Filimu imene yalephera chaka chino ikhoza kupeza oikonda pakapita zaka 20, chifukwa zonse zimene inali nazo zikadali momwemo. Gemu yowomberana ya pa intaneti si yotero. Opanga amapereka bwalo, zida ndi malamulo, koma chimene wosewera amabwerera ndi anthu ena: mdani wochenjera amene amamuvutitsa, ndi mnzake amene amamuteteza kumsana. Bawo yosemedwa mwaluso, yokhala ndi nkhomo zake zonse, ikasowa munthu wokhala mbali inayo imangokhala thabwa. Choncho wosewera aliyense ndi wogula, komanso iye yemweyo ndi gawo la katundu amene ena akugula. Akachoka, satenga ndalama zake zokha. Amachepetsanso kukoma kwa gemuyo kwa amene atsala.

Mmene izi zimachitikira n'zosavuta kuzitsata. Wosewera akadina batani lofuna masewera, seva, imene ndi kompyuta yoyendetsa gemuyo pa intaneti, imamufunira anthu ena 9 amene ali pafupi naye, kuti netiweki isamachedwe, amene asankha mtundu womwewo wa masewera, ndiponso amene luso lawo likufanana ndi lake. Mwachitsanzo chabe, anthu 700 atagawidwa m'zigawo 5 za dziko ndi mitundu 3 ya masewera, gulu lililonse limatsala ndi anthu osakwana 50, ndipo ambiri mwa iwo amakhala ali kale mkati mwa nkhondo. Seva imatsala ndi njira ziwiri, zonse zoipa. Ikhoza kudikiritsa munthu mphindi zambiri, kapena kumuphatikiza ndi aliyense amene wapezeka, kaya ali kutsidya kwa nyanja kaya ndi katswiri. Watsopano amene waphedwa kakhumi asanaombe chipolopolo chanzeru sabweranso mawa, ndipo kusabwera kwakeko kumatalikitsa mzere kwa ena. Zigawo za osewera ochepa, monga kum'mwera kwa Africa ndi Australia, n'zimene zimayamba kuuma.

Palinso china chimene chimafulumizitsa imfa. Chiwerengero cha anthu osewera pa Steam chimaoneka kwa aliyense, ola ndi ola. Munthu wofuna kugula amayamba wayang'ana chiwerengerocho, ndipo chikatsika amaopa kuika ndalama ndi nthawi yake pa gemu imene itsekedwe posachedwa. Mphekesera yakuti gemu ikufa imasanduka chifukwa chimene ikufera. Munthu aliyense payekha wachita mwanzeru posagula, koma nzeru za onsewo zikaphatikizana zimapha chinthu chimene ambiri a iwo sanachilawe.

Chuma chimene sichichuluka

Anthu akamanena kuti msika wadzaza, kawirikawiri amaganiza za kuchuluka kwa magemu. Koma chimene chatha si malo pa shelefu, popeza msika wa pa intaneti ulibe makoma, ndipo si ndalama zokha, popeza Fortnite, Apex Legends, Valorant, Counter-Strike 2, Call of Duty: Warzone ndi Overwatch 2 onse amaseweredwa kwaulere. Chimene chatha ndi madzulo a munthu. Herbert Simon, amene pambuyo pake analandira mphoto ya Nobel pa zachuma, anaona kale mu 1971 kuti uthenga ukachuluka chimene chimasowa ndi chidwi cha olandira uthengawo. Mu Januwale 2019 kampani ya Netflix inauza eni masheya ake kuti imapikisana kwambiri ndi Fortnite kuposa HBO. Kampani yofufuza za magemu ya Newzoo inapeza kuti mu 2023 maola oposa 60 pa 100 aliwonse osewera pa kompyuta ndi pa makina a magemu anathera pa magemu a zaka 6 kapena kuposerapo, ndipo magemu atsopano osakhala a chaka ndi chaka ankalimbirana maola pafupifupi 8 okha pa 100.

Magemu akale sanakhale pamwamba mwangozi. Anapangidwa mwadala kuti asathe. Njira ya battle pass, imene inayambira ku Dota 2 mu 2013 n'kufalitsidwa ndi Fortnite kumapeto kwa 2017, imapatsa wosewera mphoto zimene angazipeze pokhapokha atasewera maola ambiri nyengo isanathe. Pamwamba pake pali ntchito za tsiku ndi tsiku, udindo pa mndandanda wa akatswiri umene umatsika munthu akajomba, ndi zovala za asilikali ndi mfuti zokongoletsedwa zimene wagula pa zaka zambiri ndipo sangasamuke nazo. Mu Counter-Strike zokongoletsa zoterezi zimagulitsidwa pakati pa osewera, zina pa madola masauzande. Chomangira champhamvu kuposa zonsezi ndi anzake. Gemu yatsopano siyenera kukopa munthu mmodzi, iyenera kukopa gulu lonse la anthu anayi kapena asanu amene akhala akukumana Lachisanu lililonse usiku kwa zaka, ndipo mmodzi akakana kulipira madola 40 onse amabwerera kwakale.

Apa nkhani yamalonda yayamba kukhudza zimene zipembedzo zimadziwa bwino. Uthenga Wabwino wa Mateyu, mutu 6, umaphunzitsa kuti kapolo sangagawe kukhulupirika kwake pakati pa ambuye awiri, ndipo makolo ananena kuti mapanga awiri avumbwitsa. Gemu ya mtundu uwu sipempha kuti munthu aiyendere mwa apo ndi apo. Imapempha kupezekapo tsiku lililonse, ili ndi nyengo ndi zikondwerero zake, imalanga wojomba ndi kulemekeza wokhulupirika. Kunena kuti ndi chipembedzo kungakhale kukokomeza, chifukwa silonjeza chipulumutso ndipo siyankha za imfa. Komabe imafuna malo amene mumtima mwa munthu mumakhala amodzi kapena awiri okha. Munthu akhoza kuwerenga mabuku 30 pa chaka ndi kuonera mafilimu 50, koma sangakhale wokhulupirika ku magemu 5 amene iliyonse ikufuna maola ake onse opuma. Msika unadzaza chifukwa cha mtundu wa pempho limene magemuwo amapereka, ndipo gemu yatsopano imabwera ndi pempho lomwelo kwa munthu amene anavomera kale kwina.

Wokhala nazo amawonjezeredwa

Mu 1968 katswiri wa zachikhalidwe cha anthu Robert K. Merton anafotokoza mmene asayansi otchuka amalandirira ulemu wochuluka kuposa anzawo osadziwika, ngakhale ntchito itakhala yofanana. Anatcha khalidweli ndi dzina la Mateyu, potengera mathero a fanizo la matalente m'mutu 25, pamene wokhala nazo amawonjezeredwa ndipo wopanda kanthu amalandidwa ngakhale kochepa kamene ali nako. Pa magemu owomberana lamuloli limaoneka poyera. Counter-Strike inayamba mu 1999 ngati ntchito ya anthu awiri, Minh Le ndi Jess Cliffe, ndipo lero imasonkhanitsa anthu oposa 1 miliyoni pa nthawi imodzi. Khamu limenelo limatanthauza kuti masewera amapezeka m'masekondi ochepa, kuti aliyense amakumana ndi a msinkhu wake, kuti oulutsa masewera pa Twitch ndi YouTube amapeza owaonera, ndipo zonsezi zimaitana khamu lina.

Koma pali kusiyana kwakukulu pakati pa fanizo ndi msika, ndipo kusiyanaku ndi mtima wa nkhani yonse. M'fanizomo muli mbuye amene amaitana kapolo aliyense, amamva zimene wachita, ndipo amaweruza atadziwa. Kuwonjezeredwa kumatsatira kukhulupirika. Pamsika palibe amene amakhala pansi kufunsa. Pamene Concord inatsegulidwa kwaulere kwa masiku ochepa mu Julayi 2024 kuti anthu ailawe, osewera pa nthawi imodzi pa Steam sanafike 2,500. Mamiliyoni amene akuti anaikana sanaigwire n'komwe. Anaona kanema wotsatsa, anaona mtengo, anamva ena akuseka maonekedwe a asilikali ake, n'kupitiriza zimene ankachita. Uku si kulakwa, chifukwa palibe amene ali ndi ngongole yolawa katundu aliyense wotsatsidwa. Koma si chiweruzonso. Mu Yohane mutu 7, Nikodemo amakumbutsa anzake kuti chilamulo sichitsutsa munthu chisanamve mbali yake, ndipo khamu la pamsika silimangidwa ndi lamulo limenelo.

Kafukufuku wina anayesa kupima gawo la mwayi pa zinthu zotere. Mu 2006 Matthew Salganik, Peter Dodds ndi Duncan Watts anafalitsa zotsatira za kuyesa kumene anthu oposa 14,000 anapatsidwa nyimbo 48 za magulu osadziwika. Ena ankasankha osaona zimene anzawo asankha. Ena anagawidwa m'magulu 8 osaonana, ndipo m'gulu lililonse munthu ankaona kuti nyimbo iliyonse yatengedwa kangati. M'magulu oonerana, kusiyana pakati pa nyimbo zotchuka ndi zosatchuka kunakula, ndipo nyimbo imodzimodziyo inkakhala pamwamba m'gulu lina, pakati m'gulu lina. Ubwino sunali wopanda ntchito: nyimbo zabwino kwambiri sizinkagwa kawirikawiri, ndipo zoipa kwambiri sizinkakwera kawirikawiri. Pakati ponse, chilichonse chinkatheka. Nyimbo imamveka chimodzimodzi kaya ena akuimvera kaya ayi, ndipo ngati kuonerana kunasokoneza zotsatira chotere pa nyimbo, pa gemu imene kukoma kwake kumadalira khamu kusokonezako kuyenera kukhala kokulirapo.

Mbiri ya kampani ya Respawn ikusonyeza zomwezo. Titanfall 2 inatamandidwa kwambiri ndi openda magemu, koma inatuluka pa 28 Okutobala 2016, sabata imodzi pambuyo pa Battlefield 1 ndi sabata imodzi Call of Duty: Infinite Warfare isanatuluke, ndipo malonda ake anakhumudwitsa. Mu Febuluwale 2019 kampani yomweyo inatulutsa Apex Legends mwadzidzidzi, kwaulere, ndipo inapeza osewera 50 miliyoni m'mwezi umodzi. Manja anali a nyumba imodzi, ndipo luso silinachuluke kakhumi m'zaka ziwirizo.

Anzake a Yobu

Mtima wa munthu sukonda yankho lakuti mwayi. Gemu ikagwa, tsiku lomwelo pamatuluka makanema ndi nkhani zofotokoza machimo ake: asilikali ake anali osakongola, mtengo unali wolakwika, inangotengera ena, opanga anali odzikuza. Zina mwa izi zimakhala zoona. Chovuta n'chakuti zifukwazo zimasankhidwa chigamulo chitadziwika kale. Mlandu wotengera ena ndi chitsanzo chabwino. Fortnite Battle Royale inamangidwa m'miyezi iwiri yokha mu 2017, potsatira kutchuka kwa gemu ya PUBG. Valorant ya mu 2020 inatenga kaseweredwe ka Counter-Strike n'kuikamo asilikali a maluso apadera. Marvel Rivals imafanana kwambiri ndi Overwatch. Wotengera akapambana amatchedwa wochenjera, akagwa amatchedwa wakuba.

Katswiri wa maganizo Melvin Lerner anafufuza khalidweli kuyambira m'zaka za m'ma 1960, ndipo anapeza kuti anthu amafunitsitsa kukhulupirira kuti dziko ndi lolungama, mwakuti akaona wina akuvutika popanda chifukwa amayamba kumupezera zifukwa. Buku la Yobu linaona izi kalekale. Elifazi, Bilidadi ndi Zofari sanali anthu ankhanza. Anabwera kudzapepesa, ndipo anakhala naye pansi masiku 7 osalankhula. Atatsegula pakamwa anatsata mfundo imodzi: Mulungu ndi wolungama, Yobu wagwa, choncho Yobu anachimwa. Kumapeto kwa bukulo amene akudzudzulidwa ndi iwowo. Buku la Mlaliki, mutu 9, limanena kuti liwiro, mphamvu ndi nzeru sizitsimikizira munthu chigonjetso, popeza nyengo ndi zogwa mwadzidzidzi zimafikira onse. Mu Luka mutu 13 Yesu akukana kuti anthu 18 amene nsanja ya Siloamu inawagwera anali olakwa kuposa ena a mu Yerusalemu. Korani nayo, mu Sura 89, imatsutsa munthu amene amayesa kulemera ulemu wochokera kwa Mulungu ndi kusauka kunyozedwa, pamene zonse ziwiri ndi mayeso.

N'zoona kuti malembawa amanena za masautso a anthu, osati za katundu wa makampani olemera, ndipo kugwa kwa gemu ya Sony sikungaikidwe pa sikelo imodzi ndi imfa ya ana a Yobu. Koma cholakwa cha m'maganizo n'chimodzi, kuwerenga khalidwe la munthu kuchokera pa zimene zamugwera, ndipo amene chimawapweteka ndi anthu enieni. Kumbuyo kwa gemu iliyonse kuli ojambula, olemba mapulogalamu, opeka nyimbo ndi oyesa zolakwika, amene anapereka zaka za moyo wawo ndipo ambiri sanasankhe mtengo, tsiku lotulutsa kapena mtundu wa gemu. Kutsekedwa kwa XDefiant kunachotsa ntchito anthu 277 ku San Francisco, Osaka ndi Sydney. Anzeru awiri, Bernard Williams ndi Thomas Nagel, analemba mu 1976 za mmene anthu amaweruzira ena pa zinthu zimene sizinali m'manja mwawo: madalaivala awiri akhoza kunyalanyaza mabuleki mofanana, koma amene mwana wamudutsira kutsogolo ndi amene amatchedwa wakupha. Pa magemu, amisiri awiri akhoza kugwira ntchito yofanana ubwino, wina n'kutchedwa katswiri, wina n'kusanduka choseketsa cha pa intaneti.

Pamene mlandu ulipodi

Kunena kuti khamu si woweruza sikutanthauza kuti palibe wolakwa. Magemu atsopano ena amapambana, ndipo zifukwa zake zimaoneka. Marvel Rivals ya NetEase inatuluka mu Disembala 2024, miyezi itatu Concord itazimitsidwa, ndipo inapeza osewera 10 miliyoni m'masiku atatu. Inali yaulere, ndipo asilikali ake anali Spider-Man, Iron Man ndi ena amene anthu anawakonda kale, kutanthauza kuti inabwera ndi khamu lobwereka. Helldivers 2 ya Arrowhead, imene Sony yomweyo inatulutsa mu Febuluwale 2024 pa mtengo womwewo wa madola 40, inagulitsa makope 12 miliyoni m'masabata 12. Mu gemu imeneyi anthu mpaka 4 amathandizana kulimbana ndi adani oyendetsedwa ndi kompyuta, choncho sifunika khamu lalikulu kuti masewera ayambe, ndipo watsopano saphedwa ndi katswiri koma amanyamulidwa naye. Kugulitsa pa madola 40 gemu yofanana ndi zimene anthu akusewera kwaulere kunali kusankha kwa anthu, ndipo kusankhako kukhoza kutsutsidwa popanda kudikira zotsatira.

Mlandu waukulu uli pamwamba. Mu 2022 Sony inagula kampani ya magemu ya Bungie pa madola 3.6 biliyoni, n'kulengeza kuti ikufuna kutulutsa magemu osatha a pa intaneti oposa 10 pofika Malichi 2026. Akuluakulu a makampani otere amadziwa masamu onse amene afotokozedwa pamwambapa. Amadziwa kuti ambiri mwa magemuwo adzagwa, ndipo amawerengera kuti imodzi ikakhala ngati Fortnite idzalipira zotayika zonse. Kwa kampani, uku ndi kumwaza mbewu. Kwa mmisiri amene ali ndi moyo umodzi ndi zaka zochepa za mphamvu, ndi njuga imene wina akutchova ndi zaka zake. Immanuel Kant anaphunzitsa kuti munthu asagwiritsidwe ntchito ngati chida chabe chofikira pa cholinga cha wina, ndipo n'kovuta kuona mmene dongosolo lowerengeratu kuti magulu ambiri adzatayidwa lingapulumukire pa muyeso umenewo. Kampani ya Naughty Dog inaona msampha wina mu Disembala 2023, pamene inasiya gemu ya pa intaneti ya The Last of Us, ponena kuti kuisamalira kukanameza kampani yonse kwa zaka zambiri.

Kuleza mtima nakonso ndi kusankha. Rainbow Six Siege inayamba mofooka mu Disembala 2015, koma Ubisoft inapitiriza kuikonza ndipo inakula chaka ndi chaka mpaka kukhala imodzi mwa zikuluzikulu. Counter-Strike: Global Offensive ya mu 2012 siinalandiridwe ndi manja awiri ndi okonda Counter-Strike yakale, ndipo inayamba kukwera kwambiri kuchokera mu 2013. Zikanaweruzidwa pa masabata awiri oyamba, zonsezi zikanaoneka zokayikitsa. Palibe amene angatsimikize kuti Concord ikanachira, ndipo kusunga maseva ndi antchito kumadya ndalama tsiku lililonse. Koma masiku 14 amayeza mphamvu ya kutsatsa ndi mphekesera kuposa mmene amayezera gemu.

Osewera nawo ali ndi gawo lawo, ngakhale laling'ono. Kukhala pa gemu yakale chifukwa cha anzako si ulesi. Mwambi wakuti kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu ukufotokoza bwino chifukwa chimene munthu amasankhira bwalo limene kuli anthu ake kusiyana ndi bwalo lokongola lopanda munthu, ndipo pamenepa wosewera waika chikondi chake pamalo oyenera. Chimene chilibe chodzitetezera ndi chisangalalo cha ena poona gemu ikugwa, kuwerenga chiwerengero chotsika ngati zigoli za timu yawo, ndi kutukwana amisiri amene angotaya ntchito. Komanso wosewera amene amalowa usiku uliwonse, osati chifukwa akusangalala koma poopa kutaya mphoto za nyengoyo, ali ndi funso lake loti adzifunse. Seneca, polemba za kufupika kwa moyo m'zaka 100 zoyambirira za nyengo ya Chikhristu, anadabwa kuti anthu amateteza chuma chawo mwakhama koma nthawi yawo amaigawa kwa aliyense woipempha.

Zotsala seva ikazima

Imfa ya gemu yotere ndi yathunthu kuposa ya ntchito zina zaluso. Wojambula amene ananyozedwa ali moyo akhoza kulemekezedwa atamwalira, chifukwa zithunzi zake zilipo. Gemu imene imadalira seva ya kampani, sevayo ikazima, kawirikawiri singatsegulidwenso ngakhale ndi amene ali ndi chimbale chake m'manja. Apilo imakhala yosatheka, popeza umboni wawonongedwa pamodzi ndi woimbidwa mlandu, ndipo mibadwo yobwera idzangomva zimene onyoza ndi oteteza ananena.

Sizinali choncho kuyambira kale. Quake ya mu 1996, Quake III Arena ya mu 1999 ndi Counter-Strike yoyambirira zinkalola osewera kuyendetsa maseva awoawo, ndipo mpaka lero magulu ang'onoang'ono amakumanabe m'magemu amenewa popanda kupempha chilolezo kwa wina. Gemu yomangidwa chotero imatha kukhala ndi moyo ndi anthu 20 odziwana, pamene yomangidwa pa seva imodzi ya kampani imafuna masauzande kuti ilipire ndalama zoiyendetsera. Kampani ya Velan Studios, potseka Knockout City mu 2023, inapereka mtundu wa gemuyo umene osewera a pa kompyuta angayendetse okha. Mu Epulo 2024, Ubisoft itazimitsa gemu ya mpikisano wa magalimoto ya The Crew, Ross Scott anayambitsa gulu la Stop Killing Games, lopempha kuti malamulo akakamize makampani kusiya magemu ogulitsidwa ali otheka kuseweredwa akasiya kuwasamalira. Pempho la gululi ku European Union linasainidwa ndi anthu oposa 1 miliyoni mu 2025. Mabungwe a makampani a magemu amatsutsa, ponena kuti lamulo lotero lingakweze mtengo wopangira magemu, ndiponso kuti maseva osayang'aniridwa ndi kampani sangateteze bwino osewera ndi zinsinsi zawo.